Kawerengedwe ka Wilde ndi anzake: pensulo m'manja, chigamulo pambuyo

Ndimasungabe kope limene ndinkakoperamo mawu a Lord Henry Wotton pamene ndinkawerenga koyamba buku la Oscar Wilde lotchedwa The Picture of Dorian Gray. Masamba ake ndi odzaza mpaka m'mphepete. Chiganizo chilichonse chotuluka pakamwa pa bwana ameneyu chinkandigwira mtima, ndipo ndikangochipeza, msangamsanga cholembera. Posachedwapa ndinatsegulanso kopelo n'kuona chinthu chimene chinandiwawa: dzina la Sibyl Vane, mtsikana wa zisudzo wokondana ndi Dorian, mulibemo ngakhale kamodzi. Mtsikana wa zaka 17 akumwa poizoni pakati pa nkhaniyo chifukwa cha mawu ankhanza a Dorian, ine n'kudutsa pa imfa yake ndikuthamangira mawu ena okoma oti ndikopere. Ulendo wachiwiri ndinaliwerenga bukuli nditalimbitsa nkhope, ndikufunafuna umboni woti ndi buku lowononga achinyamata. Umboniwo ndinaupeza, koma bukulo linandipulumukanso. Kawerengedwe kamene ndikufotokoza pano ndi kachitatu, kamene ndikanakonda wina akanandionetsa pachiyambi pomwe.

Mabuku amene ndikunena, ambiri mwa iwo a ku England, ndi a m'zaka makumi atatu zomaliza za ufumu wa Mfumukazi Victoria, yemwe analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Alembi ndi owerenga a nthawiyo ankakokanakokana pa funso limodzi: kodi chinthu chokongola chiyenera kuphunzitsanso makhalidwe abwino, kapena kukongola pakokha n'kokwanira?

Yambani ndi amene ankalondera pakhomo

Musanatsegule buku lililonse, dziwani kaye amene ankaloleza kapena kuletsa mabuku kufika kwa anthu. Buku latsopano la nkhani yaitali linkatuluka m'mavoliyumu atatu, pa mtengo wa mashiling'i 31 ndi mapeni 6, ndalama zoposa zimene wantchito wamba ankalandira pa sabata. Anthu ambiri sankagula, ankabwereka. Laibulale yaikulu yobwereketsa inali ya Charles Edward Mudie ku London. Ukalipira gine imodzi, yomwe inali mashiling'i 21, unkabwereka voliyumu imodziimodzi chaka chonse. Mudie akalikana buku, wosindikiza ankadziwiratu kuti ndalama zake zalowa m'madzi. Muyeso wake unali wakuti buku likhale loti bambo angaliwerenge mokweza pabalaza, ana ake aakazi ali pomwepo, popanda wina kuweramitsa mutu. Mu 1885 George Moore, atatopa ndi kukanidwa, anatulutsa kabuku kodzudzula Mudie kuti wasandutsa zolemba za dziko lonse kukhala khanda la m'manja mwa mlezi.

Kumbuyo kwa Mudie kunali lamulo. Mu 1857 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lolanda ndi kuwononga zolemba zolaula, ndipo chigamulo cha khothi cha mu 1868 chinati buku ndi lolaula ngati lingaipitse maganizo a munthu wosachedwa kutengeka amene lingagwere m'manja mwake. Cholinga cha mlembi sichinkawerengedwa. Henry Vizetelly, wosindikiza amene anatulutsa mabuku a mlembi wa ku France Émile Zola m'Chingerezi, analipitsidwa chindapusa cha mapaundi 100 mu 1888, ndipo chaka chotsatira anakhala m'ndende miyezi itatu ali ndi zaka pafupifupi 70.

Zimenezi zikuthandizani pawiri. Mukapeza chiganizo chikuzungulirazungulira osatchula chinthu ndi dzina, musafulumire kunena kuti mlembi akudzionetsera. Kawirikawiri akuyenda monyang'ama pafupi ndi wapolisi. Komanso mukamva mawu oti luso lilipo chifukwa cha luso lokha, amene anafala kuchokera ku France m'masiku a Théophile Gautier, muwamve ngati yankho la munthu wotopa ndi kuuzidwa zoti alembe.

Koma musaganize kuti mbali inayo kunali anthu opusa okhaokha. Kunali John Ruskin, munthu amene ankakonda zokongola kuposa ambiri mwa adani ake, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti luso la dziko ndi chikumbumtima cha dziko n'chimodzi. Mu 1877 anaona chithunzi cha James McNeill Whistler chosonyeza makombola akugwa mumdima, n'kulemba kuti wojambulayo akufuna magine 200 pongowaza chitini cha penti kumaso kwa anthu. Whistler anamusumira. Mlandu unazengedwa mu 1878, Whistler anapambana, koma chipepeso chake chinali farthing imodzi, gawo limodzi mwa magawo anayi a peni, ndipo chaka chotsatira ngongole zinamugwetsa. Oweruza aja analephera kusankha mbali ndi mtima wonse, ndipo nanunso musadzikakamize kusankha pa tsiku loyamba.

Masamba ochepa a Pater, mokweza, kawiri

Walter Pater anali mphunzitsi wofatsa wa ku Brasenose College ku Oxford. Mu 1873 anatulutsa buku lonena za akatswiri a luso a m'nthawi ya Renaissance, nyengo imene luso linatsitsimuka ku Ulaya. Siyani kaye mitu yonseyo, pitani ku mawu omaliza, omwe ndi masamba osakwana khumi. Mfundo yake ndi iyi. Tonsefe tinaweruzidwa kale kuti tidzafa, tangopatsidwa kanthawi koyembekezera. Choncho kulephera m'moyo ndi kuzolowera, kufika poyang'ana nkhope ya mnzako kapena kuwala kwa madzulo osaonanso kanthu. Kupambana ndi kuyaka nthawi zonse ngati lawi lolimba, lonyezimira ngati mwala wamtengo wapatali. Ndipo luso, akutero, limapereka kukoma kwenikweni kwa mphindi iliyonse pamene ikudutsa, popanda kulonjeza china chilichonse.

Ulendo woyamba aloleni masambawa akutengeni. Ine ndimakhulupirira kuti muli choonadi: kuzolowera kumapha zinthu zambiri m'moyo wa munthu, ngakhale chikondi. Ulendo wachiwiri funafunani chimene chikusowa. Mudzaona kuti mulibe mnansi, mulibe mwana wolira usiku, mulibe lonjezo loti lisungidwe mawa ngakhale mtima utazizira. Munthu wa Pater ali yekhayekha ndi maso ake. Pater mwiniwake anachita nazo mantha. M'kusindikiza kwachiwiri kwa 1877 anawachotsa masambawa, n'kuwabwezera mu 1888 atasintha pang'ono, ndi mawu ofotokoza kuti ankaopa kusocheretsa anyamata ena amene bukulo likanagwera m'manja mwawo. Mmodzi mwa anyamata amene analiwerenga n'kulikonda moyo wake wonse anali Oscar Wilde, yemwe anafika ku Oxford mu 1874.

Liwu loti decadence mudzakumana nalo paliponse. Gwero lake ndi liwu la Chilatini lotanthauza kugwa. Adani a alembiwa ankalitchula monyoza, kutanthauza mtundu wa anthu umene wakhuta, watopa, ndipo ukugwa ngati Roma m'masiku ake omaliza. Alembi ena anatola chipongwecho n'kuchivala ngati mendulo. Ine ndimalimva bwino ndikaganiza za chipatso chimene chapsa n'kupitirira: fungo lake lili pachimake, koma kuvunda kwayamba kale, ndipo palibe mpeni umene ungalekanitse kukomako ndi kuwolako. Paul Bourget wa ku France anafotokoza kalembedwe kake motere: buku limaphwasuka kuti tsamba liime palokha, tsamba limaphwasuka kuti chiganizo chiime pachokha, chiganizo nachonso kuti liwu liime palokha. Apa ndi pamene mungadziwire liwiro lanu. Mukawerenga mabukuwa mothamangira kuti kenako chinachitika n'chiyani, mudzatopa pa tsamba la makumi awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mzere ndi kamtanda

Tsopano tengani pensulo. Mufunika zizindikiro ziwiri zokha. Chiganizo chikakukomerani, chilembeni mzere kunsi, ndipo musachite manyazi ngakhale chitakhala chonena zoipa. Paliponse pamene munthu kapena cholengedwa chikulipira mtengo wa kukongola kwa wina, ikani kamtanda m'mphepete. Kope langa lakale lija linali la mizere yokhayokha. Kawerengedwe kanga kachiwiri kanali ka timitanda tokhatokha. Buku limayamba kulankhula pamene zizindikiro ziwirizi zakumana pa tsamba limodzi.

Yeserani pa fulu wa Joris-Karl Huysmans, mlembi wa ku France. M'buku lake la À rebours la mu 1884, munthu wolemera wotchedwa des Esseintes watopa ndi anthu, wachoka mu Paris n'kukadzitsekera m'nyumba yokonzedwa mogwirizana ndi zokhumba zake zokha. Akuona kuti kapeti yake ikusowa chinthu choyenda pamwamba pake kuti mitundu yake ioneke bwino. Akugula fulu wamkulu, akumupaka golide pachigoba, kenako akutuma mmisiri kuti akhomerepo miyala yamtengo wapatali. Masamba angapo akutha pa kusankha miyalayo, uwu ayi ndi wofala kwambiri, uwu inde, ndipo mudzapeza kuti dzanja lanu lalemba mizere yambiri. Pomaliza mwini nyumba akumugwedeza fuluyo n'kupeza kuti wafa, walephera kusenza ulemerero umene anamusenzetsa. Kamtanda kanu kabwere apa. Huysmans salalikira, sanena kuti onani uchimo. Wangokusiyirani nyama yakufa pa kapeti, inu mutasangalala kale ndi miyalayo pamodzi ndi mwini wake.

Bukuli ndi limene anthu ambiri amaliona kumbuyo kwa buku lachikasu limene Lord Henry amatumizira Dorian, ndipo Wilde mwiniwake anavomereza kukhothi kuti ankaganiza za ilo.

Mu Dorian Gray, khalitsani pa mutu wachisanu ndi chitatu. Lord Henry wabwera kudzanena za imfa ya Sibyl. Dorian akuyamba ndi kulira, akudziwa kuti iye ndiye wachititsa. Ndiye Lord Henry, pang'onopang'ono, akusandutsa imfayo kukhala sewero lokongola. Akumuuza kuti alire Ophelia kapena Cordelia, atsikana a m'masewero a Shakespeare amene Sibyl ankawasewera kapena akanawasewera, koma asataye misozi pa Sibyl weniweniyo, poti iye anali wosakhalapo kwenikweni poyerekeza ndi iwo. Madzulo omwewo Dorian akuvala bwino n'kupita kukamvera nyimbo ku opera. Ziganizo za pa masamba amenewa ndi zina mwa zokoma kwambiri m'buku lonse, ndipo ndi zankhanza kuposa zonse. Mzere ndi kamtanda zidzagundana pa liwu limodzi. Dzifunseni moona mtima kuti munasiya liti kuganiza za mtsikanayo. Ine ndinapeza kuti ndinasiya pa nthawi yomweyo imene Dorian anasiya, ndipo ndi pamene ndinazindikira zimene bukuli limachita kwa owerenga.

Mutu wa 11 ambiri amaudumpha, inu musaudumphe. Zaka zambiri za moyo wa Dorian zikudutsa ngati mndandanda wa katundu: mafuta onunkhira, zida zoimbira za m'mayiko akutali, miyala yamtengo wapatali, nsalu zopeta, mikanjo ya ansembe. Anthu atheramo. Mudzatopa, ndipo kutopako ndi gawo la phunziro, chifukwa ndi kutopa kwa Dorian mwiniwake. Chakumapeto kwa mndandandawo muli chiganizo chonena kuti chuma chonsechi chinali njira yoiwalira mantha, chifukwa m'chipinda cham'mwamba chokhoma muli chithunzi chake chimene chikukalamba ndi kunyansa m'malo mwake. Mukachipeza chiganizochi, bwererani kumayambiriro kwa mutuwo, mudzaumva mosiyana.

Onetsetsani kuti mukudziwa kope limene mwagwira. Nkhaniyi inatuluka koyamba mu 1890 m'magazini ya Lippincott's, ili ndi mitu 13, mkonzi atachotsamo mawu pafupifupi 500 osamuuza Wilde. Nyuzipepala zinaitukwana, ndipo kampani ya W. H. Smith inachotsa magaziniyo m'malo ake ogulitsira mabuku a m'masiteshoni a sitima. Buku la 1891 lili ndi mitu 20. Wilde anawonjezera James Vane, mlongo wake wa Sibyl wofuna kubwezera, ndi ulendo wa ku nyumba zosutirako mankhwala ozunguza bongo a opium pafupi ndi madoko, ndipo anachepetsa mawu osonyeza chikondi cha wojambula Basil Hallward pa Dorian. Yambani ndi la 1891, kenako yerekezerani malo amene Basil akuulula za mumtima mwake m'makope awiriwa.

Mwambi umene ungakutsekereni buku msanga

Mukamaliza, mwambi udzabwera wokha pakamwa: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndi woona, koma ukangoutchula n'kutseka buku, wasiya theka la nkhani. Basil ndi munthu wabwino, wachikumbumtima, komabe ndi iye amene anayamba kupembedza nkhope ya Dorian, ndipo akufa ndi mpeni. Lord Henry, amene anathira poizoni m'makutu mwa mnyamatayo, sakulangidwa. Nkhani ikutha iye akadali moyo, akulankhulabe zokoma. Dorian atayesa kuchita chabwino kamodzi, kumusiya mtsikana wakumudzi osamuwononga, akuthamangira kukaona ngati chithunzi chasintha, n'kupeza pakamwa pake pawonjezeka chizindikiro cha chinyengo. Bukuli likufunsa ngakhale za ubwino wochitira kudzionera.

Wilde mwiniwake ankalankhula pawiri. M'mawu otsogolera a 1891 analemba kuti kulibe buku la makhalidwe abwino kapena oipa, kuli lolembedwa bwino ndi lolembedwa moipa basi. Koma m'kalata yake ya mu 1890 yopita ku nyuzipepala ya St James's Gazette ananena kuti nkhaniyi ili ndi phunziro, lakuti kupyola muyeso konse ndi kudzimana konse zimabwera ndi chilango chake, ndipo anati phunzirolo ndilo cholakwika chokha cha bukulo. Musayese kugwirizanitsa mawu awiriwa. Alembeni onse patsamba loyamba la kope lanu, muziwayang'ana pamene mukuwerenga.

Chinthu chimodzi chokha ndikukupemphani ndi mtima wonse: musawerenge ngati Edward Carson. Mu April 1895, pa mlandu umene Wilde anasumira Marquess wa Queensberry chifukwa chomuipitsira mbiri, Carson, yemwe anali loya wa Queensberry, anawerenga mokweza m'khothi mawu a Basil ochokera m'magazini ija, n'kumafunsa Wilde ngati kuti mawu a mtengambali ndi kuulula kwa mlembi. Mlanduwo unagwa, Wilde anamangidwa, ndipo pa 25 May 1895 anagamulidwa zaka ziwiri za ukaidi wa ntchito yakalavulagaga pansi pa lamulo la 1885 loletsa mchitidwe wogonana pakati pa amuna. Lamulo limeneli likufotokozanso chifukwa chimene machimo ambiri a Dorian satchulidwa ndi dzina. Wilde analembapo kuti palibe akudziwa machimo a Dorian, ndipo amene wawapeza ndiye wabwera nawo. Mukafika pa mipata yopanda mawuyo, onani zimene maganizo anu akuikamo, chifukwa ndi zanu.

Kugwa kwa Wilde kunagwetsa ambiri. Magazini ya The Yellow Book, imene inayamba mu April 1894, sinasindikizepo kalikonse ka Wilde, komabe anthu anagenda mawindo a ofesi ya wosindikiza wake, John Lane, ndipo Aubrey Beardsley, mkonzi wa zithunzi, anachotsedwa ntchito. Mu 1895 momwemo buku la Max Nordau lonena kuti alembi oterewa ndi odwala ubongo linatuluka m'Chingerezi n'kugulidwa kwambiri. Beardsley anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1898 ali ndi zaka 25, atalowa Chikatolika ndi kupempha wosindikiza wake kuti awononge zojambula zake zolaula. Alakatuli Ernest Dowson ndi Lionel Johnson nawonso analowa Chikatolika, n'kufa asanakwanitse zaka 40. Huysmans anabwerera kutchalitchi, ndipo Wilde analandiridwa mu mpingo womwewo ali pafupi kutsirizika ku Paris mu 1900. Anthu amene ankanenedwa kuti sasamala za tchimo ndi omwe ankaliganizira usana ndi usiku.

Mukafuna kutambasula, musakhale pa amuna a m'mabalaza okhaokha. Werengani nkhani za George Egerton, dzina lolembera la mayi Mary Chavelita Dunne, zimene zinatuluka mu 1893, ndi ndakatulo za Michael Field, dzina limodzi la amayi awiri, Katharine Bradley ndi mwana wa mchemwali wake, Edith Cooper. Ikani pambali pa Dorian buku la Thomas Hardy la 1891 lonena za Tess, limene pachikuto pake mlembi anamutcha mkazi woyera mtsikana wobereka mwana asanakwatiwe, mawu amene anakwiyitsa anthu ngati mmene Wilde anawakwiyitsira. Kumbukiraninso kuti kafukufuku wa Charles Booth, amene anayamba kutuluka mu 1889, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu kum'mawa kwa London anali mu umphawi. Kumeneko n'kumene Dorian amapita usiku atabisa nkhope, ndipo Sibyl ndi mwana wa m'nyumba yosauka.

Zomalizira zikhale ziwiri. Choyamba ndi The Ballad of Reading Gaol ya mu 1898, ndakatulo yonena za msilikali amene ananyongedwa mu 1896 m'ndende ya Reading, momwe Wilde anali mkaidi, chifukwa chopha mkazi wake. Inatuluka popanda dzina la mlembi, pachikuto pali C.3.3 chabe, nambala ya chitolokosi cha Wilde. Iwerengeni mokweza, mumve mmene mawu afupikira, mmene miyala yonyezimira ija yatheramo. Chachiwiri ndi kalata imene analemba ku nyuzipepala ya Daily Chronicle mu May 1897, patangopita masiku ochepa atatuluka. Ikunena za woyang'anira akaidi amene anachotsedwa ntchito chifukwa chopatsa mabisiketi mwana wanjala wotsekeredwa m'ndendemo, ndi za mantha a ana aang'ono otsekeredwa okha m'chitolokosi pafupifupi tsiku lonse. Mukaimaliza, pensulo ikadali m'manja, tsegulaninso mutu wachisanu ndi chitatu uja, pamene Lord Henry akulowa m'chipinda cha Dorian ndi uthenga wa Sibyl.